MBUSA AMENE ANASANDUKA WOFALITSA MABUKU

(Mau onenedwa pa msonkhano wa aphunzitsi)



Mphunzitsi akatenga buku m'manja, maso ace amathamangira ku dzina la bukulo ndi dzina la mlembi wace. Koma m'munsi mweni-mweni mwa tsamba loyamba mumakhala dzina lina lacitatu, la zilembo zazing'ono, limene anthu ambiri salipenya konse. Limenelo ndi dzina la wofalitsa buku. Ena mwa inu, pofufuza m'nyumba ya mabuku ya ku koleji, munaonako mabuku akale a za maphunziro okhala ndi mau akuti Routledge & Kegan Paul. Ambiri amayesa kuti amenewa ndi anthu atatu. Iai, ndi awiri okha. Kegan Paul anali munthu mmodzi, ndipo asanalowe m'malonda a mabuku anatumikira Mpingo wa England zaka 23, nakhalanso mphunzitsi ndi woyang'anira anyamata ogonera pa sukulu. Ali ndi zaka 46, ali ndi mkazi ndi ana asanu, anatula ubusa pansi, nasiya nyumba ndi malipiro ace, cifukwa sanathenso kunena pamaso pa anthu mau amene mtima wace unaleka kuwabvomereza. Nkhani ya lero ndi ya munthu ameneyo.

Charles Kegan Paul anabadwa pa 8 March, 1828, m'mudzi wa White Lackington m'dera la Somerset, ku England. Atate wace analinso mbusa, ndipo iye anali woyamba mwa ana 10. Dzina lakuti Kegan linacokera ku banja la amai wace. Njira ya mwana wotere inali yolambulidwa kale: sukulu ya Eton, kenaka Oxford, kenaka ubusa. Paul anaiyenda njirayo osapatuka. Analowa Eton m'caka ca 1841, napita ku Exeter College ku Oxford mu 1846, natsiriza maphunziro ace mu 1849. Anadzozedwa udikoni mu 1851 ndi unsembe mu 1852, natumikira monga wothandiza mbusa ku Great Tew ndi ku Bloxham, midzi iwiri ya m'dera la Oxford.

Pa zaka zimenezo anadziwana ndi Charles Kingsley, mbusa wa ku Eversley amene analinso mlembi wa mabuku, ndipo kudzera mwa iye anayamba kutsata maganizo a F. D. Maurice. Anthu awiriwa analikuphunzitsa kuti Cikristu sicingathe kutseka maso pa njala ndi umphawi wa anthu a nchito, ndi kuti Mpingo uyenera kukhala ndi khomo lalikulu. Maganizo otere anali ndi mtengo wace. Maurice anacotsedwa nchito ya uphunzitsi ku King's College, London, mu 1853 cifukwa ca zimene analemba za cilango cosatha. Mnyamata Paul anaziona zimenezi ali pa ciyambi ca ubusa wace.

Mu 1853 anabwerera ku Eton monga wansembe wowerenga mapemphero m'chalichi ca sukulu, ndipo caka cotsatira anapatsidwa udindo umene aphunzitsi a m'sukulu zogonera adzaumva msanga. Sukulu ya Eton inakhazikidwa ndi Mfumu Henry VI mu 1440, kuti anyamata 70 aziphunzira mosalipira. Pofika zaka za m'ma 1800 ana a anthu olemera anali atacuruka, okhala m'nyumba za aphunzitsi. Koma aja 70 anali kukhala paokha, ndipo kwa zaka zambiri oculuka a iwo anali kutsekeredwa usiku m'cipinda cimodzi cacitali, popanda munthu wamkulu ndi mmodzi yemwe. Zocitika m'cipindamo zinali zocititsa manyazi: akulu kumenya ang'ono, ang'ono kusanduka akapolo a akulu. Cifukwa cace m'zaka za m'ma 1840 anamanga nyumba zatsopano, naika mphunzitsi mmodzi kuti azigona pakati pa anyamatawo. Paul anagwira nchito imeneyo kuyambira 1854 kufikira 1862. Mphunzitsi ali yense amene anadzutsidwapo pakati pa usiku cifukwa mwana wadwala, kapena anaweruzapo mlandu wa bulangete lobedwa, adziwa kuti nchito yotere siimatha belu likalira. Ali komweko anakwatira Margaret Agnes Colvile mu 1856, mai amene nayenso anali mlembi wa mabuku a nthano.

Zaka zimenezo zinali za cipwirikiti m'mitima ya anthu ophunzira a ku England. Buku la Charles Darwin lonena za ciyambi ca mitundu ya zamoyo linatuluka mu 1859. Mu 1860 anthu 7, oculuka a iwo abusa, anatulutsa buku lakuti Essays and Reviews, m'mene ananena kuti Baibulo lifufuzidwe monga afufuzira mabuku ena akale, ndipo awiri a iwo anaimbidwa mlandu m'bwalo la Mpingo. Mu 1862 Bishopu Colenso wa ku Natal anasindikiza mafunso ace a mabuku a Mose, mafunso amene anabuka pamene Mzulu womthandiza kumasulira, William Ngidi, anamfunsa ngati iye akhulupiriradi nkhani ya cigumula monga inalembedwera. Paul nayenso anaponyapo mau. Mu 1861 analemba kabuku kakuti The Boundaries of the Church, m'mene anati Mpingo usamafunse zambiri za ciphunzitso kwa Akristu wamba asanalowe m'khomo. Kabukuko kanakwiyitsa bishopu wace, Samuel Wilberforce, mwana wa William Wilberforce uja amene anamenyana ndi malonda a akapolo. Caka cotsatira Paul anacoka ku Eton.

Pano pafunika kufotokoza kakhalidwe ka ubusa wa ku England masiku amenewo, pakuti popanda kumva ici palibe angayese kulemera kwa cimene Paul anadzacita. Mbusa wa m'mudzi akalandira parishi, analandira pamodzi ndi nyumba, ndi munda, ndi ndalama za caka ndi caka, ndipo zonsezi zinali zace kufikira imfa. Bishopu sanathe kumcotsa wamba. Mwini mphamvu yosankha mbusa nthawi zambiri anali munthu wolemera wa m'deralo kapena koleji ina. Parishi ya Sturminster Marshall, m'dera la Dorset, inali m'manja mwa Eton, ndipo Eton inaipereka kwa Paul mu 1862. Ndalama zace zinali zocepa, kotero kuti anatenga anyamata ena kudzakhala m'nyumba mwace nawaphunzitsa kuti apezepo coonjezera. Komabe denga linali lace, ndipo akadafuna akadakalambira pomwepo, ana ace nakulira m'bwalo lomwelo.

Anakhala kumeneko zaka 12. Dorset linali dziko la minda ya tirigu ndi nkhosa, ndipo anchito a m'mafamu a kumeneko anali pakati pa olipidwa mocepa koposa m'England monse. Analibe minda yao-yao. Nyumba zimene anagonamo zinali za eni mafamu, kotero kuti munthu akakangana ndi bwana wace anataya nchito ndi pogona tsiku limodzi. Anthu a kumeneko sanaiwale za amuna 6 a ku Tolpuddle, m'Dorset momwemo, amene mu 1834 anatumizidwa ku Australia monga akaidi cifukwa analumbiritsana poyambitsa bungwe la anchito. Mu 1872 munthu wina wa nchito za m'munda, Joseph Arch, amene analinso mlaliki wa Amethodisti, anayamba kusonkhanitsa anzace ku Warwickshire, ndipo m'miyezi yowerengeka bungwe lace linafalikira m'madera ambiri.

Mbusa wa m'mudzi anayembekezeka kuima ndi eni nthaka ndi eni mafamu. Anali kudya nao pa gome limodzi, ndipo abusa ambiri analinso oweruza milandu. Mu 1873 akazi 16 a ku Ascott, kufupi ndi kumene Paul anayambira ubusa, anaponyedwa m'ndende cifukwa ca kuthandiza amuna ao pa sitalaka, ndipo amene anagamula mlanduwo anali abusa awiri. Paul anaima mbali yinayo. Anagwirizana poyera ndi Arch ndi anchito a ku Dorset. Amene akhala m'mudzi waung'ono adziwa tanthauzo la cinthu cotere: anthu amene wawakhumudwitsa Loweruka ndiwo omwewo akhala pa mipando ya kutsogolo Lamulungu, ndipo palibe kothawira.

Koma cimene cinamcotsa pa ubusa si mkwiyo wa eni mafamu. Bvuto linali m'kati mwace. Wansembe wa Mpingo wa England anabvomereza mfundo 39 za ciphunzitso pamene anadzozedwa, ndipo Lamulungu liri lonse anaimirira kutsogolera anthu ponena mau a Cikhulupiriro. Pobatiza mwana, podalitsa ukwati, poika maliro, mau onse anali olembedwa kale m'buku la mapemphero, ndipo iye anawanena monga mau ace. Cikhulupiriro ca Paul sicinagwe tsiku limodzi monga mtengo wodulidwa. Cinadyeka pang'ono-pang'ono monga nsanamira yolowa ciswe, kunja ioneka yamphumphu. Mu 1870 analowa kagulu kochedwa Free Christian Union, kamene kanafuna kusonkhanitsa anthu opembedza popanda cibvomerezo ciri conse colembedwa. Anayambanso kuwerenga mabuku a Mfalansa Auguste Comte, amene anaphunzitsa kuti anthu aleke kufunsa za Mulungu, natumikire mtundu wa anthu m'malo mwace.

Onani zaka: analowa kagulu kaja mu 1870, koma anacoka pa ubusa mu 1874. Pali zaka 4 pakatipo, ndipo wofuna kumtsutsa ali napo pogwira. Zaka 4 analikudya mkate wa Mpingo, nawerengera anthu mapemphero amene iye mwini anali kuwakayika. Mlandu umenewu ndi woona, ndipo suyenera kubisidwa. Komatu wotsutsayo ayambe wawerenga ana asanu aja, nakumbukire kuti munthu wa zaka zoposa 40 amene sanagwirepo nchito ina koma ya chalichi ndi sukulu sapeza malo msanga. Akumbukirenso kuti kufikira 1870 lamulo la dziko silinalole konse wansembe kubvula unsembe wace ndi kukhala munthu wamba. Analipo abusa ena okayika monga iye amene anasankha kukhala cete, nalalikira za makhalidwe abwino okha, nafera m'nyumba zao za ubusa ali olemekezeka. Paul anazengereza, inde, koma potsiriza anatuluka. Anapereka parishi, nasonkhanitsa banja lace, napita ku London.

Kumeneko cinamthandiza ndi cizolowezi cace ca kuwerenga. Ali ku Dorset anali atayamba kale kugwirira nchito wofalitsa mabuku wina, Henry S. King, monga wowerengeratu zolembedwa. Pano tisiyanitse anthu awiri amene amasokonezedwa kawiri-kawiri. Wosindikiza ndiye mwini makina. Amalandira ndalama zace buku ligulidwe kapena lisagulidwe. Wofalitsa ndiye amene amasankha. Alembi amamtumizira zolemba zao za pamanja, iye nakana zambiri, nalandira zocepa. Alipira mlembi, agula mapepala, alipira wosindikiza ndi womanga zikuto, alengeza bukulo m'manyuzipepala, ndipo akalakwa posankha, mitokoma ya mabuku osagulidwa iunjikana m'nyumba yace ndi ndalama zace zomwe. Wowerengeratu ndiye diso la wofalitsa. Nchito yace ifanana ndi ya mphunzitsi wocongera makope: kuwerenga mulu wa mapepala, ambiri osakoma, osatopa kufikira apeze limodzi lokhala ndi moyo. Paul anaidziwa nchito imeneyi. Pa nthawi yomweyo analemba buku lace lalikulu koposa, mbiri ya William Godwin, limene linatuluka mu 1876. Makalata akale a banjalo anampatsa ndi Sir Percy Shelley, mdzukulu wa Godwin.

Mu 1877 King analeka za mabuku, ndipo Paul anatenga malondawo, nawacha C. Kegan Paul & Co. Nyumba yace inali pa nambala 1, Paternoster Square, m'mphepete mwa chalichi cacikulu ca St Paul's, pakati peni-peni pa malonda a mabuku a ku London. Dzina lakuti Paternoster ndi mau a Cilatini oyambira Pemphero la Ambuye. Munthu wothawa guwa anakakhazika desiki lace m'bwalo lochedwa ndi pemphero. Malo onsewo anapsya ndi mabomba mu December, 1940.

Tsopano penyani mabuku amene anatuluka m'nyumba imeneyo, pakuti m'menemo muli cinthu cozizwitsa. Munali mndandanda wa mabuku a sayansi a zikuto zofiira, International Scientific Series, umene King anauyamba mu 1872: m'menemo munali buku la T. H. Huxley, bwenzi lalikulu la Darwin, lonena za kanyama ka m'madzi konga nkhanu, ndi la John Lubbock lonena za nyerere, njuci ndi mabvu, ndi lina la J. W. Draper lonena kuti cipembedzo ndi sayansi zakhala pa nkhondo kuyambira kale. M'nyumba yomweyo, kuyambira 1880, munatulukanso The Pulpit Commentary, mabuku ambiri-mbiri omasulira Baibulo ndime ndi ndime kuti athandize abusa pokonza maulaliki. Munatuluka magazini ya mwezi ndi mwezi, The Nineteenth Century, m'mene akadinala ndi anthu osapembedza anatsutsana m'masamba oyandikana. Munatulukanso buku la Mmereka Henry George lonena kuti umphawi ucokera ku kakhalidwe ka umwini wa nthaka, limene pambuyo pace linagulitsidwa pa makobiri 6 okha kuti anchito alipeze.

Kodi munthu amene anasiya nyumba cifukwa sanafune kunena mau osawakhulupirira anatha bwanji kugulitsa mabuku otsutsana cotere? Yankho liri pa kusiyana kwa nchito ziwirizi. Wansembe akati "ndikhulupirira", mauwo ndi ace, ndipo anthu amtenga iye monga mboni. Wofalitsa sacitira umboni kuti zonse za m'buku n'zoona. Dzina lace m'munsi mwa tsamba linena cinthu cocepa: kuti bukuli lalembedwa ndi munthu wodziwa cimene alikunena, ndipo liyenera kuwerengedwa. Wansembe ndi mboni, wofalitsa ndi mtengatenga. Paul anapeza nchito imene inamlola kukhala pakati pa mabuku ndi anthu, monga anakhalira moyo wace wonse, koma wosalumbira. Mphunzitsi wa sukulu ya mishoni amagwira nchito zonse ziwiri m'mawa umodzi: pa phunziro la mbiri kapena la cilengedwe apereka mau a ena, pa mapemphero a m'mawa anena ace. Ana amamva kusiyanako ngakhale sadziwa kukuchula.

Paul sanaiwale Dorset. Kumeneko kunali mbusa wina wokalamba, William Barnes, amene kale anali mphunzitsi, ndipo analemba ndakatulo zace m'cinenero ca anthu a m'midzi ya Dorset, cimene ophunzira a m'mizinda anaciyesa Cingelezi copotoka ca anthu osadziwa kanthu. Mu 1879 Paul anasonkhanitsa ndakatulozo m'buku limodzi nazifalitsa ku London. Caka cotsatira anatulutsanso, m'buku limodzi la mtengo wocepa, nthano ina ya Thomas Hardy, mwana wa ku Dorset komweko.

Kodi pa ndalama anali wotani? Apa mbiri yace iri ndi mawanga. Mnyamata wina wa ku Scotland wosadziwika, Robert Louis Stevenson, anabwera ndi nkhani ya ulendo wace wa pa bwato. Paul anaona luso m'menemo, nalitulutsa bukulo mu 1878, ndipo limenelo ndilo buku loyamba la Stevenson. Diso linali labwino, koma dzanja linali louma: anamlipira mapaundi 20 okha. Anamtulutsiranso buku la ulendo wa ndi bulu mu 1879, ndi lina mu 1881, koma Stevenson sanakhutire ndi malipiro, napita kwa ena. Treasure Island, buku limene ana a sukulu a maiko ambiri aliwerenga, linatuluka mu 1883 m'nyumba ya Cassell. Mbalame inaleredwa ndi Paul, mazira inakaikira kwina.

Cimodzi-modzi ndi Tennyson, mlakatuli wamkulu wa dziko lonse masiku amenewo. King anali atapangana naye kumlipira mapaundi 5,000 caka ciri conse, ndipo Paul analandira mlakatuliyo pamodzi ndi katundu wolemera wa panganolo. Mu 1884 Tennyson anasamukira kwa Macmillan. Nthawi zina Paul anadziwa kutaya ndalama zambiri pa cinthu cimodzi. General Gordon ataphedwa ku Khartoum mu January, 1885, dziko lonse la England linafuna kuwerenga zimene analemba tsiku ndi tsiku ali m'mudzi wozingidwawo; nyumba ya Paul inalipira mapaundi oposa 5,000 kuti ipeze mapepalawo, niwatulutsa caka comweco.

Mu 1881 Alfred Trench, mwana wa bishopu wamkulu wa ku Dublin, analowa m'malondawo, ndipo dzina linatalika kukhala Kegan Paul, Trench & Co. Mu 1883 moto unapsereza nyumba yao ndi mabuku ambiri. Mu 1889 anaphatikana ndi nyumba zina ziwiri, ya George Redway ndi ya Trübner, nakhala kampani yaikulu. Nicholas Trübner, Mjeremani amene anamwalira mu 1884, anali wochuka pofalitsa mabuku a zinenero za ku Asia ndi ku Africa. Ndiye anatulutsa mu 1862 buku la Wilhelm Bleek loyerekeza zinenero za kumwera kwa Africa. Cifukwa ca colowa cimeneci, mu 1891 kampani ya Paul inatulutsa galamala yaikulu ya Bambo Julius Torrend yoyerekeza zinenero za Bantu, imene inatenga Citonga monga muyeso wa zinzace. Ndiye Torrend yemwe uja amene pambuyo pace anayambitsa mishoni ya Kasisi. Ndipo nthano za anthu a dziko lino zimene iye anasonkhanitsa zinatuluka mu 1921 ziri ndi dzina la Kegan Paul pa tsamba loyamba, mwini dzinalo atagona kale m'manda.

Pamene malonda analikukula, mtima wa Paul unali paulendo wina. Zaka zambiri ali ku London anakhala kunja kwa mpingo uli wonse, nasonkhanako ndi otsata Comte, amene anali ndi mapemphero ao ndi masiku ao okumbukira anthu akulu-akulu, zonse popanda Mulungu. Koma Comte analangiza omtsata kuti aziwerenga The Imitation of Christ, buku lakale la Thomas à Kempis, monga mankhwala a mtima. Paul analiwerenga. Anamasuliranso m'Cingelezi maganizo a Blaise Pascal, amene anatuluka mu 1885. Ndipo womasulira sangathe kuthamanga, amakhala ndi ciganizo cimodzi nthawi yaitali kufikira acimve. Anawerenganso kwambiri mabuku a John Henry Newman, amene nayenso anali wansembe wa Mpingo wa England asanalowe Cikatolika mu 1845. Newman anamwalira pa 11 August, 1890. M'mawa mwace, pa 12 August, Paul analandiridwa mu Eklesia wa Katolika m'chalichi ca ku Fulham, ali ndi zaka 62.

Anzace ena anadabwa, ndipo anali ndi cifukwa. Munthu amene mu 1861 analemba kuti Mpingo ucepetse zofunsa, amene mu 1874 anaona kuti mfundo 39 zamlemera, tsopano analowa kumene zobvomereza ziri zambiri koposa. Ena anati watopa ndi kukayika, afuna pogonera. Iye mwini anafotokoza njira yace m'kabuku kakang'ono, Confessio Viatoris, ndiko kuti cibvomerezo ca wapaulendo, kamene kanatuluka mu 1891. Muno muli aphunzitsi a mipingo yosiyana, ndipo ali yense adzaweruza ulendo umenewu monga mwa kwao. Cimene mbali zonse zingathe kuona ndi ici: pa ulendo woyamba anataya nyumba, ndipo pa waciwiri sanapindule kanthu ka m'thumba. Unsembe sanaubwererenso, pakuti anali ndi banja; anakhala pa benchi pakati pa anthu wamba, nanena mau a Cikhulupiriro omwe aja amene anawathawa ku Sturminster Marshall, koma tsopano popanda womlipira.

Zaka zace zotsiriza zinali zowawa. Mu 1895 phindu la kampani linagwa mwadzidzidzi, ndipo Paul anatayanso ndalama zace m'malonda ena a zosindikiza amene analowamo. Caka comweco anagundidwa mumseu ku Kensington, napweteka kotero kuti sanacirenso bwino. Anakhala ndi ululu zaka 7. Ali cidwalire anamasulira buku la Mfalansa J. K. Huysmans lonena za munthu wobwerera ku cipembedzo, limene linatuluka mu 1896. Mu 1899 anapuma nchito, natulutsa mbiri ya moyo wace, Memories. Anamwalira ku London pa 19 July, 1902, naikidwa ku Kensal Green. Anasiya mkazi wace, ana amuna awiri ndi akazi atatu.

Kampaniyo inalowa m'manja mwa nyumba ya Routledge mu 1912, koma dzina la Kegan Paul linapitirira kusindikizidwa. Pansi pa dzina limenelo panatuluka, mu 1926, buku loyamba la Jean Piaget m'Cingelezi, lonena za kalankhulidwe ndi kaganizidwe ka ana, limene ophunzira uphunzitsi a maiko ambiri analimbana nalo. Mu 1947 maina awiriwo analumikizidwa kukhala Routledge & Kegan Paul, ndipo anakhala cotero kufikira zaka za m'ma 1980, pamene kampaniyo inagulidwa ndi ena. Mabuku ace atsopano ali ndi dzina la Routledge lokha.